Mmene Agogo Anafukizira Limba

Ndikati ndiwakumbukire agogo anga a Namakhwa, mphuno ndiyo imayamba. Ndimamva fungo la mlamba wowamba losakanikirana ndi la mankhusu a mpunga akunyeka mosayaka, fungo limene linawalowerera m'malaya, m'ndevu ndi m'zikhadabo, moti ngakhale atasamba ndi sopo wa kwa Mmwenye, ukakhala nawo pafupi m'tchalitchi njala inkakugwira pemphero lisanathe. Tinkakhala kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, cha kwa Mwambo, kumene m'mawa unkadzutsidwa ndi asodzi akukokera ngalawa m'matope ndi atsekwe akulongolola m'mabango. Masiku asanu ndi limodzi agogo anali munthu wa pansanja, wotembenuza nsomba ndi manja osaopa moto, maso ali psuu, akutsokomola n'kumatukwana nkhuni zaziwisi. Tsiku Lamulungu ankavala jekete lawo limodzi lomwe lija n'kusanduka munthu wa limba.

Tchalitchi chathu chinali chaching'ono, cha njerwa zosawotcha, koma chinali ndi chinthu chimene midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja inalibe. Linali limba la zitoliro, lalitali kuposa munthu, zitoliro zachitsulo zitandanda kutsogolo, zamatabwa zitabisala m'kati. Ku mishoni yaikulu atalandira latsopano, lakalelo anatiponyera ife, ndipo agogo anali mmodzi wa anyamata amene analisenza zidutswazidutswa kuchokera kumtunda mpaka kunyanja. Phewa lawo lina linali lotsika, ndipo ankati ndi limbalo linawatero.

Kuimba limba sankadziwa. Kuwerenga sankathanso. Anabwera kuno ali mnyamata kuchokera kutsidya, kwa Apwitikizi, akuthawa ntchito ya kalavula gaga, nagwira thangata m'minda ya azungu, ndipo mpaka ukalamba wawo panali anthu amene ankawaseka kalankhulidwe. Pa ukulu wa mpingo dzina lawo silinatchulidwepo. Chawo chinali mpini. Kuseri kwa limba kunali kamalo kamdima kokwana munthu mmodzi, ndipo m'menemo munali mpini wathabwa wopopera mvukuto wachikopa umene unkapereka mpweya ku zitoliro. Aphunzitsi a Filipo, amene ankaphunzitsa sukulu ndi kutsogolera nyimbo, ankakhala kutsogolo n'kumadinda mano a limba, agogo ali kuseri akupopa. Zaka zoposa makumi awiri sanalole munthu wina kugwira mpiniwo, ngakhale malungo atawagwira.

"Aphunzitsi ali ndi zala," ankatero akamavula jekete, "koma mpweya ndili nawo ndine."

Ine ndinali mdzukulu wapamtima, Elube, wa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ankanditchula akazi awo monga amachitira agogo aamuna. Ndinalinso wapakamwa. Amayi ankati ndinayamba kulankhula ndisanamere mano, ndipo sindinapumepo chiyambire. Kusukulu ana anzanga anatopa nane, chifukwa nkhani iliyonse, kaya ya mbewa kaya ya mvula, ndinkaikhotetsa mpaka ifike pa agogo anga ndi limba lawo.

Loweruka lililonse masana ankatenga kiyi wa tchalitchi kwa aphunzitsi. Ankapukuta zitoliro ndi nthenga za nkhuku, ankagwetsa tinyumba ta mavu, ankasesa zitosi za mileme, ankatchera misampha ya makoswe pansi pa mvukuto. Nyengo ya dzinja, denga likamadontha, ankafunditsa limba mphasa yawo yogonera, iwo n'kumagona pa chiguduli. Palibe anawaphunzitsa zimenezi ndipo palibe ankawalipira.

Chaka chimene anthu anayamba kukangana za Chitaganya, mvula itangosiya, agogo anapeza timilu ta ufa wachikasu pansi pa limba. Anasesa, m'mawa mwake n'kupezanso tina. Atayang'anitsitsa anaona timabowo tating'ono m'matabwa a m'mbali. Limba linayamba kufumbwa.

Aphunzitsi analemba kalata ku mishoni, ndipo yankho analiwerenga pamaso pa mpingo wonse. Kudzabwera mmisiri kudzaliona. Ngati lili lochizika adzalikonzera pompano. Ngati tizilombo talowa kwambiri adzaliphwasula, atenge zitoliro kukasungira limba lalikulu la kumishoni. Tsiku limenelo agogo sanadye. Anakhala pakhonde akungosisita phewa lotsika lija.

"Akazanga," anandiuza, "akalitenga ine ndidzakhala ndani m'tchalitchi muja? Wonunkha nsomba wa pabenchi yakumbuyo?"

Sukulu itatsekera, aphunzitsi anaitanidwa ku Zomba kwa sabata ziwiri, nasiya kiyi m'manja mwa agogo. Anati pobwerera adzabwera limodzi ndi mmisiriyo. Apa m'pamene agogo anaganiza zoti mlendoyo asadzapeze kachilombo ngakhale kamodzi kamoyo.

Amene sanakulire kwathu angathe kuseka, koma ife tonse tinkadziwa mankhwala a chinthu chofumbwa. Chimanga cha mbewu tinkachipachika pamwamba pa moto. Nsomba yoti ikafike ku Limbe isanachite mphutsi tinkaiwamba. Phaso la nyumba yophikira, lakuda bii ndi mwaye, linkakhala zaka osaboola kachilombo, pamene la nyumba yogona linkagwa ufa. Chilichonse chimene munthu wa ku Chilwa ankafuna kusunga ankachipatsa utsi. Ndipo pa nkhani ya utsi, kuyambira kwathu mpaka ku Likangala kunalibe katswiri woposa agogo.

Choncho atanena maganizo awo panja pa tchalitchi, palibe anatsutsa. Akulu a mpingo anagwedeza mitu. Amayi a mumpingo analonjeza zitsononkho ndi mankhusu. Amene anakayika anali mmodzi yekha, ndipo sanali wa mpingo wathu. Anali Che Saidi, mnansi wathu Msilamu, amene ankagula nsomba za agogo n'kukagulitsa pa njinga kumtunda. Awiriwa ankanyozana tsiku lililonse ngati anthu apachisuweni.

"Achimwene," anatero Che Saidi akutula thumba la mankhusu, "chinthu chanucho ndi mlamba kodi? Chinthu cha azungu chimakhala ndi mwambo wake. Bwanji osadikira eni ake afike?"

"Inu mudalowamo liti m'tchalitchi kuti mudziwe mwambo wa limba?" anayankha agogo. "Thabwa ndi thabwa. Chikopa ndi chikopa. Kachilombo ka ku Ulaya kamapuma ndi mphuno zachitsulo?"

"Ine ndangonena. Mankhusu anu ndi awa."

Anayamba Lachiwiri m'mawa. Mazenera anawatseka ndi mphasa, kusiya limodzi lokha la kumbuyo. Limba analifunditsa ziguduli, kusiya zitoliro zakutsogolo zokha. Pansi pake ndi m'mbali anaika mapale a makala, n'kuthirapo mankhusu ndi zitsononkho kuti zizingofuka. Phale lalikulu analiika pafupi ndi pamene mvukuto umakokera mpweya. Kenako anamanga kansalu konyowa kumphuno, nalowa kuseri kwawo kuja, n'kuyamba kupopa, atapanikiza mano a limba ndi thabwa kuti zitoliro zonse zitseguke.

Ife ana tinaunjikana pa zenera lotsala lija. Zimene ndinaona tsiku limenelo zinali zokongola, ndipo ndimadana nazo kuti zinali zokongola. Limba linkabuma ndi mawu ake onse pamodzi, ndipo pakamwa pa chitoliro chilichonse pankatuluka kamzere ka utsi woyera, tating'ono ndi tatikulu, tikukwera m'kuwala kwa dzuwa kolowera pa mng'alu wa denga. Madzulo agogo anatuluka akudzandira, misozi ya utsi ili chuchuchu, atanyamula chipande. M'chipandemo munali tizilombo takufa, tofiirira, tonga nthangala za fodya. Anayenda nacho mudzi wonse akuonetsa, ndipo amayi ena analulutira. Che Saidi anayang'ana m'chipandemo nati, "Chabwino, mwapambana." Ine ndinagona mtima utatupa ndi kunyada.

Lachitatu anabwerezanso. Lachinayi anati amalize, pofuna kuti ndi mazira omwe afe. Tsiku limenelo ine ndinatumwa kukaingitsa mbalame kumunda wa mpunga, ndiye zimene zinachitika ndinazimva patapita zaka. Chakumasana, ali mkati mopopa, kunamveka phaa, mpini n'kupepuka m'manja mwawo. Anapopa, anapopanso, koma zitoliro zinangoti zii.

Akuluakulu anadziwa tsiku lomwelo. Ana sanatiuze. Ndinangoona agogo abwera kunyumba osalankhula, ndipo ndinkati ndi kutopa. Ndinaona amayi a mumpingo akukolopa tchalitchi, akuzira pansi, akutsegula mazenera onse, akukwirira mapale kudzala, ndipo ndinkati akukonzekera mlendo. Sindinadziwe kuti akulu a mpingo anali atakhala pansi n'kugwirizana chonena. Anali atapangana kuti adzati lupsa la kudambo ndilo linadzaza utsi m'tchalitchi. Ankadzitchinjiriza okha, ndi zoona, pakuti onse anavomereza ntchitoyo. Koma makamaka ankatchinjiriza nkhalamba ija.

Aphunzitsi anafika Loweruka lotsatira pa njinga, limodzi ndi mmisiri. Anali bambo wamfupi wa imvi, dzina lake a Yosefe, wolankhula motsitsa, ndipo anali ndi bokosi la zipangizo pakaliyala. Mudzi wonse unawatsatira. Ine ndinadzipanikiza pakhomo, pakati pa miyendo ya anthu, kudikira nthawi yoti agogo anga ayamikiridwe.

A Yosefe atangolowa anaima n'kununkhiza. Anatsegula thabwa la m'mbali, nalowetsa dzanja, ndipo linatuluka lakuda ndi lonanda. Anazula chitoliro chimodzi chathabwa, ndipo chinangomasuka m'manja mwawo, matabwa ake anayi n'kugwera pansi. Anagwada n'kuyang'ana mvukuto nthawi yaitali.

"Pepani akuluakulu," anatero, "muno munayaka moto?"

Mkulu wa mpingo anakonza kukhosi. "Ndi lupsa, bambo. Anyamata osaka mbewa anatentha dambo, ndiye mphepo inali yochokera kunyanja. Utsi wonse unathera muno."

A Yosefe anamuyang'ana, nayang'ana agogo amene anaima pakona manja ali kumbuyo, jekete atavala ngakhale silinali Lamulungu. Lero ndimakhulupirira kuti anazindikira zonse nthawi yomweyo. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Lupsa," anatero. "Chabwino. Ndikanena choncho kumishoni."

Ine magazi anandiwira. Masiku atatu a agogo anga, maso otupa aja, chifuwa chija, chipande cha tizilombo chija, zonsezo azipereke kwa anyamata osaka mbewa? Ndinadzikankha kutsogolo.

"Si lupsa ayi!" ndinakuwa. "Ndi agogo anga! Analifukiza okha masiku atatu, ndi mankhusu, utsi n'kumatulukira m'zitoliromo. Tizilombo tonse tinafa, ndinationa ndi maso angawa. Afunseni Che Saidi!"

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna wondivomereza, koma aliyense anazolika. Dzanja la amayi linandigwira pakhutu, zikhadabo n'kulowa. Aphunzitsi a Filipo anavula magalasi, pakamwa pali yasa.

"Musiyeni mwanayo," anatero agogo. "Wanena zoona. Ndine ndachita."

"A Namakhwa!" anatero aphunzitsi. "Kiyi ndinakusiyirani kuti muzisesa! Simukanadikira sabata ziwiri zokha? Safunsa anadya phula, bambo inu!"

Agogo anapita kwa mmisiri. "Ndiuzeni, bambo. Ndalakwitsa pati? Tizilombo sitinafe?"

"Tinafa, madala," anatero a Yosefe. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anatola limodzi la matabwa aja n'kuwaonetsa m'mphepete. "M'chinthu ichi mulibe msomali. Chonse n'chomata ndi guluu wa zikopa, ndipo guluu ameneyo akamva kutentha amasiya. Chitoliro chilichonse chili ndi kachitseko kake kachikopa kofewa m'katimo, tonse tauma, tina tamatirira ndi mwaye. Mvukuto wang'ambika m'makwinya monse. Bokosi losunga mpweya latseguka m'mbali. Kuti ndilikonze, n'chimodzimodzi kupanga latsopano."

"Nanga kufumbwa kuja?"

A Yosefe anazengereza. Anagogoda thabwa la m'mbali ndi chala. "Tizilombo tinadya matabwa awiri okha, awa akunjawa. M'katimu sitinafike. Mankhwala ake ndabwera nawo, ali m'botolo panjingapo. Inali ntchito ya masiku anayi."

Sindinaonepo nkhope ya munthu ikukalamba pa kanthawi kochepa chotero. Agogo anagwira benchi, anthu ena n'kuyamba kutuluka. Kenako analankhula motsitsa, moti tinamva ife tokha amene tinali pafupi.

"Ndipemphe chimodzi. Zaka zonsezi ine ndimakhala kuseri. Kumeneko umangomva mpini ukugogoda, chikopa chikufwenthera, ndi kugunda kwa m'matabwa. Anthu amati limaimba bwino, koma ine sindinalimvepo ndili kutsogolo. Musanaliphwasule, wina andipopere."

A Yosefe anavula malaya awo akunja. Anamanga ming'alu ikuluikulu ya mvukuto ndi nsanza zonyowa, nalowa okha kuseri kuja. Aphunzitsi, misozi ili m'maso, anakhala pampando wawo. Agogo anakhala pa benchi yoyamba, pakati penipeni, manja ali pamaondo ngati mwana wasukulu.

Aphunzitsi anadinda nyimbo imene tinkatsegulira mapemphero. Zitoliro zitatu kapena zinayi zinalira pamodzi, zosagwirizana, ngati mbuzi yogwidwa pakhosi. Zina zinangotulutsa mpweya wonunkha mlamba. Chimodzi chaching'ono chinapitiriza kulira chokha aphunzitsi atachotsa kale manja, chikuchepera, mpaka nsanza zija zinaphulika. Agogo anakhalabe pomwepo akuyang'ana zitolirozo. Potsiriza anati, "Zikomo," anatulutsa kiyi m'thumba la jekete, n'kumuika pa benchi.

Lolemba a Yosefe anakulunga m'udzu zitoliro zachitsulo, zokhazo zimene zinapulumuka, n'kuzikweza pa ngolo. Chibokosi chakunja anachisiya, ndipo chinasanduka kabati yosungiramo mabuku a nyimbo. Kumishoni nkhani inafika monga ndinainenera ine, popeza mmisiri sakanathanso kunama pa zimene mwana wakuwa pamaso pa mudzi wonse. Sanatipatsenso limba lina.

Palibe anawatukwana agogo pamaso. Koma anyamata a kudooko anawapatsa dzina lakuti a Wambalimba, ndipo linawakakamira mpaka kumanda. Che Saidi anamenyapo mnyamata wina ndi pampu ya njinga chifukwa cha dzinalo, ndipo iwo eni sanabwerezepo mawu akuti, 'Ndinanena ine.' Ankangobwera, n'kugula nsomba, n'kukhala nawo pakhonde osanyozana, zimene zinali zachilendo kuposa china chilichonse. Lamulungu agogo ankapitabe kutchalitchi, n'kukhala pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo. Sankaimba.

Ine amayi anandikwapula tsiku lomwe lija, kuseri kwa nyumba, akulira. "Pakamwa pakopa padzapha munthu," anatero. Ndinawakhulupirira. Ndinatseka pakamwa. Kusukulu ankachita kundikokera mawu, ndipo agogo ndinkawazemba. Iwo ankandiitanabe akazi awo, n'kumandisungira mutu wa mlamba, koma ine ndinkalandira ndi manja awiri n'kuthawa.

Tsiku lina m'chilimwe, dzuwa lili pamutu, amayi anandituma kukawapatsira madzi akumwa kunsanja. Ndinawapeza atakhala pa chitsa, moto utazilala, nsomba zosatembenuza. Anamwa, nandigwira dzanja ndisanathawe.

"Khalani pansi, akazanga. Ndikufunseni kanthu. Inu munkakhala kutsogolo, pamphasa ya ana paja. Munkalimva bwinobwino. Likakhala lili bwino, ine ndikupopa kuseri, linkamveka bwanji? Akuluakulu amangoti bwino, bwino. Inu simunama. Tandiuzani."

Yankho ndinali nalo, lodzaza pakamwa. Koma ndinaona nkhope yawo, ndinakumbukira zimene pakamwa panga panawachita, ndipo ndinaopa kuti chilichonse chimene ndinganene chiwapwetekanso. Ndinayang'ana pansi, ndikukanda dothi ndi chala chakuphazi.

"Kaya," ndinatero.

Anadikira pang'ono. Kenako anandisiya dzanja. "Chabwino," anatero. "Pitani, amayi anu akudikira chikho." Sanandifunsenso. Anamwalira patapita zaka zitatu, chifuwa chitawamaliza, ndipo pa maliro awo tinaimba pakamwa pokha.

Lero ndine nkhalamba, ndaposa zaka zimene iwo anafika. Za kukuwa kwanga m'tchalitchi muja ndinadzikhululukira kalekale, ndinali mwana ndipo ndinkawanyadira. Koma liwu limodzi lija la kunsanja landikanika. Ndalisenza ku ukwati, ku ntchito, ku maliro a ana anga, ndipo silipepuka. Yankho lawo ndikadali nalo, silinasinthe ngakhale pang'ono. Agogo, zitoliro zikuluzikulu zija zikayamba, mphasa inkanjenjemera pansi pathu, mawu n'kulowera m'mapazi mpaka m'mimba. Makanda ankasiya kulira. Asodzi a Chisilamu odutsa ndi maukonde ankaima pamsewu mpaka nyimbo ithe. Ine ndinkatsinzina n'kumati mumtima, mpweya wonsewu ndi wa agogo anga. Akanangomva zimenezi basi, ndipo zikananditengera nthawi yochepa kuposa imene anamwera madzi aja.